Amake Cynthia Agwadira Nkhukundembo

Ku Ndake, m'boma la Nyimba, ukamva mawu a Amake Cynthia usafulumire kuvomera, chifukwa kawirikawiri amakhala akulankhula ndi munthu amene wakhala nawo pamphasa imodzi. Mayiwa, amene dzina lawo la ubatizo ndi Olipa, sananong'onepo chibadwire. Akafunsa mwana wawo kumene waika mchere, a nyumba ya kutsidya kwa dambo amatumiza wawo. Kuyenda nako n'chimodzimodzi. Iwo sayenda, amachita kuuluka, chitenje chili petupetu, fumbi kobo kumbuyo. Kuchigwirizano cha amayi kutchalitchi ndiwo amayambitsa nthungululu, ndipo amayi a makanda amadziwiratu kuti tulo ta ana tathera pomwepo.

Anabwera ku Nyimba kuchokera ku Katete ali ndi mwana mmodzi kumsana, iwo ndi amuna awo, atamva kuti kuno malo alipo ndipo thonje limachita bwino. Anagwetsa mitengo, kuzula zitsa, kumanga nyumba. Amuna awo anatsikira kulichete zaka zapitazo. Ana aamuna anamwazikana, wina ku Lusaka, wina kumigodi, ndipo amaimba foni akakumbuka. Pakhomo panatsala Cynthia, mwana wachitsiriza, ndi mwamuna wake Wilbroad Sakala, Mnsenga wa kwa Mwape amene anabwera kudzakhala chikamwini, ndi kamwana kawo kakakazi, Goodness.

Wilbroad ameneyu Amake Cynthia ankamudziwa bwino kwambiri, koma cha kumbuyo. Ankadziwa nkhongo yake, msana wa malaya ake ndi zidendene zake. Nkhope ayi. Mwambo umati mkamwini ndi apongozi ake aakazi asayang'anane, asalankhulane maso ndi maso, ndipo akakumana panjira wina apatukire kutchire. Ambiri masiku ano amangochitako pang'ono kuti anthu aone, koma Wilbroad anautenga mwambowu ndi manja awiri. Akangomva mawu a apongozi, ndipo sankavuta kumveka, munthu wamkulu wandevu ankasowa ngati wamezedwa ndi nthaka. Amake Cynthia ankanyadira nazo. Ankauza anzawo kuchigwirizano kuti mkamwini waulemu ngati wawo kulibe kuyambira ku Nyimba mpaka ku Petauke.

Chaka china chitopa chinasesa nkhuku zonse m'mudzi, osasiya ndi kamwanapiye komwe. Pakhomo panangoti zii, ndipo Amake Cynthia sagwirizana ndi zii. Anamangirira mbuzi imodzi, kukwera nayo galimoto mpaka ku Petauke, n'kukasinthanitsa ndi nkhukundembo kwa aNjobvu ena amene amaweta mbalamezi. Anabwera ndi tambala mmodzi wamkulu ndi mathadzi angapo m'dengu. Mwini wake anawachenjeza kuti nkhukundembo zimenezi zinakulira kumunda, sizinazolowere anthu, azipita nazo pang'onopang'ono. Iwo anavomera mokweza, nkhukundembo n'kuyamba kudzigunda m'dengu muja.

Atafika pakhomo anatsegula dengu. Tambala anatuluka, n'kutambasula mchira wake ngati lichero, khosi lili psuu, kanyama ka pamphuno kali lendelende. Amake Cynthia ataona ulemerero wonsewo pabwalo pawo, mtima unadzaza, ndipo analandira alendowo monga amalandirira alendo onse, ndi nthungululu. Nthungululuyo isanathe n'komwe, nkhukundembo zonse zinali padenga la khitchini.

Kuyambira tsiku limenelo inali nkhondo. Ankazithamangira ndi gaga m'mbale, zikuthawa. Ankaziitana, zikulowa m'munda wa thonje. Anayesa kuzinyengerera ndi nyimbo ya kwaya, tambala n'kuyankha kuti gulugulugulu ali pamwamba pa mtengo wa mango, mpaka anthu opita kuchigayo anaima kuti amve mmene zithere. Anayesa kuzitchingira pakona ya khola atatambasula chitenje, n'kugwa chagada m'ndowe za mbuzi. Mathadzi anayamba kuikira mazira kutchire, agalu n'kumadya. Amake Cynthia anakwiya kwambiri, anati mbuzi yawo yapita ndi mbalame zopanda mwambo.

Nkhani ina yolemera kuposa imeneyi inawapeza akutola thonje ndi Cynthia. Mwanayo analankhula osadzutsa mutu.

"Amama, atate ake Goodness akamba kuti tikagulitsa thonje tikankhale kwao kwa Mwape."

"Kwa Mwape? Nawalakwila chiyani ine?"

"Simunawalakwile. Alema chabe."

"Alema ndi chiyani? Munda ulipo, madzi ali pafupi, ine sindinawanenepo kanthu."

"Ni chamene icho, amama. Simunawakambitsepo kanthu. Akuti pano ankhala monga mlendo wamene ayembekeza basi."

Amake Cynthia anatsegula pakamwa, koma kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya Ndake simunatuluke kanthu. Kukana sakanatha. Munthu walima zaka zonsezi pamudzi pa akazi ake, akapempha kutenga banja lake kupita nalo kwawo, ndani angamuletse? Ndiponso anakumbukira kuti Wilbroad sanaumbepo njerwa ngakhale imodzi. Nyumba yake inali ija ya mitengo ndi dothi, yongoyembekezera. Anachita mantha. Anaona pabwalo popanda Goodness, mbale imodzi yokha pathandala, ndi iwo eni akufuula popanda woyankha. Anapitiriza kutola thonje.

Patapita masiku pang'ono anaona chinthu chodabwitsa. Ankachokera kumjigo, akuimba monga mwa nthawi zonse, ndipo atalowa pabwalo anaona nkhukundembo zonse zikuthamanga mondondozana, makosi patsogolo, kulowera kuseri kwa nkhokwe. Zitafika kumeneko zinayamba kulira mokondwa. Iwo anatula ndowa, n'kusuzumira pansi pa nkhokwe. Anaona zidendene zimene ankazidziwa bwino. Wilbroad anali atanyonyomala, nkhope kumbali, thadzi lina litamukwera pabondo, tambala akufufuza m'thumba la malaya ake.

Nkhani yake inali yosavuta. Wilbroad ndi nkhukundembo ankathawa munthu mmodzi, ndiye anakumana kobisala. Iye ankayenda ndi mtedza m'thumba, ndipo podikira kuti apongozi adutse ankasenda n'kumatafuna, wina n'kumagwa pansi. Mbalame zija zinaona kuti munthu uyu sasuntha, sayang'ana, sapanga phokoso, komanso amagwetsa mtedza. Zinamukonda ndi mtima wonse. Tsoka lake, chikondi cha nkhukundembo sichisunga chinsinsi. Tsopano akangobisala, gulu lonse linkathamangira komweko n'kuimba nyimbo.

Amake Cynthia poyamba anaseka mpaka misozi. Anayamba kuchitira dala: kutuluka m'nyumba, kutsokomola kamodzi, n'kuona kumene nkhukundembo zilowere. Lero kuseri kwa bafa. Madzulo m'mapesi. Mawa m'ngolo, pansi pa matumba. Koma kawirikawiri zinkapita kuseri kwa chulu chachikulu chimene chili kumapeto kwa bwalo. Anapita kukachiona chulucho Wilbroad ali kumunda, n'kupeza kuti kuseri kwake udzu unatha kalekale, pansi pali see, makoko a mtedza ali mbwee. Kuseka kuja kunachepa. Anazindikira kuti mwana wa eni ake wathera ukwati wake wonse atanyonyomala kuseri kwa chulu.

Komabe za nkhukundembo zinawapweteka. Mbuzi inali yawo, gaga wawo, koma ulemu wonse unkapita kwa mkamwini. Ndiye tsiku lina anakonza zokambirana monga mwa mwambo. Iwo anakhala mbali ino ya nkhokwe, Wilbroad mbali inayo, Cynthia pakati akupeta chimanga.

"Cynthia, afunse atate ake Goodness kuti anazidyetsa mankhwala anji nkhukundembo zanga."

Funso limeneli linamveka mpaka kusukulu, koma Wilbroad anadikira mwaulemu kuti mkazi wake alibwereze. Kenako anang'ung'udza kanthu.

"Akuti alibe mankhwala," anatero Cynthia.

"Nanga zimawatsatila chifukwa chiyani?"

Kuseri kuja kunamveka kung'ung'udza kotalikirapo. Cynthia anasiya kupeta, n'kuluma mlomo kuti asaseke.

"Akuti muzichita nazo monga mwamene iwo achitila na imwe. Musaziyang'ane pamaso. Munkhale cham'mbali, pansi. Musakambe mokweza. Musayende kuli izo, zibwele zeka. Na nshawa m'manja."

"Ndiye kuti ndizigwadile ngati apongozi anga?"

Cynthia anapereka funsolo, ngakhale mbuzi kukhola zinali zitalimva kale.

"Akuti ee, amama."

M'mawa mwake anthu a ku Ndake anaona zimene sanaganizepo. Amake Cynthia, mayi amene atsogoleri a mpingo amayamba awafunsa asanasinthe tsiku la msonkhano, anatuluka m'nyumba akunyang'ama, n'kugwada pakati pa bwalo cham'mbali, maso pansi, dzanja la mtedza, nshawa zija, litatambasulidwa. Tambala anaima patali n'kuwayang'ana ndi diso limodzi. Iwo anaomba m'manja pang'onopang'ono, n'kuyesa kunong'ona kuti, "Mwauka bwanji, apongozi?" Kunong'onako kunali koyamba, kotero kunatuluka ngati kulankhula kwa munthu wamba. Nkhukundembo zinathawa, koma sizinafike padenga. Anati chimenecho n'chiyambi.

Mnzawo Jennipher anawapeza atagwada chomwecho, n'kuganiza kuti akupemphera. Anagwada nawo pambali, n'kutseka maso. Atamva kuti pempherolo likunena za nshawa ndi apongozi, anatsegula diso limodzi, n'kuona tambala. Anadzuka osatsanzika, ndipo pofika masana mudzi wonse unali utamva kuti Amake Cynthia akwatitsa mwana wina kwa nkhukundembo. Dzina la tambala uja linakhazikika pomwepo. Aliyense ankamutchula kuti Apongozi, ndipo ana opita kusukulu ankamupatukira panjira n'kuvula zisoti.

Amake Cynthia sanasamale. Ankagwada m'mawa ndi madzulo, atavala chitenje chimodzimodzicho kuti mbalame ziwazolowere. Anaphunzira kuyenda ngati anthu ena. Anaphunzira kuyetsemulira m'chigongono. Mathadzi anayamba kuyandikira, kujompha pafupi ndi maondo awo, kubwerera, kubweranso. Tsiku lina kathadzi kakang'ono kanatambasula khosi n'kutola mtedza m'dzanja lawo lenilenilo. Amake Cynthia anamva kukanda kwa mlomo wake pachikhatho, chimwemwe chinakwera kuchokera m'mimba, anayesa kuchimeza, chinakana, ndipo nthungululu inaphulika. Nkhukundembo padenga. Kuseri kwa chulu kunamveka munthu akutsamwa ndi mtedza chifukwa cha kuseka.

Anayambiranso. Maondo anatupa, msana unadandaula, miyendo inkachita dzanzi. Ali chigwadire choncho, osaloledwa kulankhula, anapeza nthawi yoganiza, chinthu chimene kale phokoso lawo lomwe silinkawapatsa mpata. Anati, ine ndagwada masabata ochepa chabe ndipo thupi lonse likulira, nanga mwana uja amene anayamba Goodness asanabadwe? Anachita manyazi. Ankadziwa bwino lomwe kuti kwawo ku Katete, apongozi akaona kuti mkamwini wakhazikika, amamuphera nkhuku n'kumuitana kuti adye pamaso pawo, ndipo kuthawana kumathera pomwepo. Anayenera kuchita zimenezi mwana atangobadwa. Anazengereza chifukwa kunyada ndi mkamwini waulemu kunkawakomera.

Pamene thonje linkapakidwa m'mabelo, nkhukundembo zinali zitagonja. Mathadzi anayamba kuikira m'khitchini, ndipo onse anali atakhalira mazira. Apongozi, tambala uja, ndiye anachita kunyanya. Ankawatsatira kumjigo ndi kudimba, ankawadikira pakhomo la bafa, ndipo akakhala pamphasa ankadzagona pambali pawo n'kulola kuti amusisite khosi. Amake Cynthia ankamuuza nkhani zonse za m'mudzi motsitsa mawu. Anamukonda kwambiri, ndipo sankabisa.

Kenako Cynthia anayamba kuchapa mabulangete ndi kumanga ziwiya m'matumba. Amake anaona, n'kudziwa kuti nthawi yatha. Panafunika nkhuku, koma m'mudzi monse munalibe. Cynthia anati akhoza kukagula ija yoyera ya kutauni pa Nyimba. Iwo anakana. Anati nkhuku yosadziwa ndi kuthamanga komwe siphedwera mkamwini, chimafunika ndi chiweto cha pakhomo, chimene mwini wake akumva kuwawa pochipereka. Mathadzi anali pamazira. Panatsala mmodzi yekha.

M'mawa mwake Cynthia anaika madzi pamoto. Amake ananola mpeni pamwala, n'kuubisa m'chitenje. Anagwada pakati pa bwalo monga mwa masiku onse, cham'mbali, mtedza m'dzanja. Apongozi anabwera akudzikoka, mchira uli tambasu, n'kuyamba kudya. Mbalame imene inawagwetsa m'ndowe za mbuzi inalola kunyamulidwa ngati mwana. Zimenezo ndiye zinawaswa mtima. Anaigoneka pansi, kuponda mapiko, misozi ili chuchuchu.

"Pepani, apongozi," ananong'ona, ndipo ulendo uno kunali kunong'ona kwenikweni. "Ndikapanda kutelo, mwana wanga apita."

Anatulutsa mpeni.

"Amai, lekani."

Mawuwo anali achilendo, aamuna, ndipo sanadzere kwa Cynthia. Amake Cynthia anatembenuka. Wilbroad anali ataima poyera, pakati pa chulu ndi nkhokwe, chipewa m'manja. Anali akuwayang'ana m'maso. Mantha anamuiwalitsa Chinyanja, n'kulankhula Chinsenga cha kwawo.

"Uyo ni mnzangu. Newo ningalye lini mnzangu."

Ankatanthauza kuti iye sangadye mnzake amene ankabisala naye limodzi. Koma Amake Cynthia sanayankhe msanga, chifukwa anali otanganidwa ndi kuona. Munthu uja anali ndi nkhope. Anali ndi mpata pakati pa mano, kachipsera pachibwano, ndi makutu aakulu oimirira ngati zogwirira za poto.

"Kansi makutu a Goodness anachokela kuno," anatero. "Ine zaka zonsezi ndimanamizila malemu amuna anga."

Cynthia anakhala pansi ndi kuseka, madzi otentha n'kutayikira paphulusa. Apongozi anapezerapo mwayi, anadzisolola pansi pa phazi, kudzikung'untha, n'kukaima pafupi ndi Wilbroad akudandaula. Wilbroad naye anazindikira zimene wachita. Anayang'ana chulu, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

Apa Amake Cynthia akanatha kufuula kuti aime, ndipo akanamupeza padenga la khitchini. Koma maondo awo anali ataphunzira kanthu. Anakhala chigwadire, anatembenukira kumbali, maso pansi, n'kutambasula dzanja limene munali mtedza wotsala. Sanasunthe. Analankhula motsitsa, ngati akuuza nthaka.

"Mwambo ufuna kuti mudye cha m'manja mwanga, bambo. Nkhuku ndilibe, mnzanu mwamukana. Chatsala ndi ichi."

Pabwalo panali zii, ndipo kwa nthawi yoyamba ziiyo sanadane nayo. Anamva phazi limodzi, kenako kuima. Anamva lina. Dzanja linayamba kulema koma sanalitsitse. Anaona zala za kumapazi zikufika pafupi, kenako maondo akugwada. Zala zolimba ndi khasu zinatola mtedza umodzi pachikhatho pawo. Apongozi anatola wachiwiri, chifukwa iye za mwambo analibe nazo ntchito.

Wilbroad anatafuna nthawi yaitali, ngati akudya ntchafu yonse. Amake Cynthia anadzutsa maso pang'ono. Funso linayenera kufunsidwa, ndipo panalibenso chifukwa cholidutsitsira kwa mwana.

"Nanga za kwa Mwape, bambo? Ine ndekha pano sindingathe. Ndikuopa."

Wilbroad anazunguza chipewa m'manja. Anayang'ana mkazi wake, n'kuyang'ana matumba a ziwiya amene anali pakhonde. Kenako analoza ndi chibwano kumapeto kwa bwalo.

"Amai, chulu chija chili na dothi labwino ngako. Nachiyang'ana zaka zambili, pafupi. Mukanilola, ningaumbe njelwa."

Zimene zinachitika kenako palibe amene angawaimbe nazo mlandu. Nthungululu imene anaisunga masabata onse aja inatuluka yonse nthawi imodzi, mpaka Jennipher kwawo anagwetsa mbale. Wilbroad anadzidzimuka, thupi lonse linafuna kuthawa, koma anagwira pansi ndi manja awiri n'kukhala pomwepo. Apongozi anatukumula nthenga, n'kuyankha kuti gulugulugulu, osasuntha phazi. Padenga la khitchini panalibe aliyense.

Madzulo ake Cynthia anamasula matumba n'kubwezera ziwiya pathandala, ndipo Wilbroad anapita kukabwereka chikombole cha njerwa, tambala ali pambuyo pake.